Funsani za Geni: mpamba tiupeza kuti ife a m'matauni ang'onoang'ono?

Makalata a mwezi uno ambiri abwera kuchokera kwa anthu ochita geni kutali ndi mizinda ikuluikulu, kumene banki ili imodzi kapena kulibiretu, ndipo funso ndi limodzimodzi, ndalama zokulitsira bizinesi tizipeza kuti. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa chifukwa anali atali zedi.

FUNSO: Zikomo achimwene, ine ndimasoka komanso ndili ndi kashopu ka nsalu ndi zovala. Tauni yathu ndi yaing'ono anthu timadziwana tonse. Ndikufuna kuonjezera katundu ndi kugula mashini ya ovaloko koma ku banki anandikana akuti ndilibe chikole. Nde kwabwera bungwe lina la maloni likuti chiwongola dzanja ndi 3 peresenti pa mwezi basi, kubweza miyezi 10. Anzanga akuti ndi yotchipa. Nditenge? Mayi wa telala.

YANKHO: Mayi, musanasaine kalikonse bwererani mukawafunse funso limodzi, 3 peresenti imeneyo akuiwerengera pa ndalama yonse imene mwatenga poyamba mpaka kumapeto, kapena pa imene yatsala mukamabweza? Yoyambayo amati flat rate, inayo reducing balance, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera ayi. Tiyerekeze mwatenga 100,000. Pa flat rate chiwongola dzanja ndi 3,000 mwezi uliwonse, miyezi 10 ikukwana 30,000, nde muzipereka 13,000 pa mwezi. Vuto ndi loti pofika mwezi wa 9 ngongole yanu yeniyeni yatsala 20,000 yokha koma iwo akukulipiritsanibe ngati muli ndi 100,000 yonse m'manja. Mukawerengera bwinobwino ndalama imeneyi mukuigula pa 5 peresenti pa mwezi, osati 3. Ndiyeno ambiri amadula kaye ya fomu ndi ya inshuwalansi musanalandire n'komwe, akadula 5,000 mwapita kunyumba ndi 95,000 koma kubweza n'komwe kuja, apo yadutsa 6 peresenti. Sikuti akuberani, zimakhala zalembedwa pa pepala, kungoti amatchula mokweza nambala yokoma ija.

Tsopano apa ndi pamene nkhani ya tauni yaing'ono ikulowa, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Katundu wa 100,000 mwina mukamugulitsa yense mumapindula 25,000. Munthu wa mumzinda waukulu katundu ameneyo amutha mwezi umodzi n'kukaodanso, inuyo mwina akutengerani miyezi 4 chifukwa ogula ndi omwewo omwewo, ndipo ndalama amazigwira kumapeto a mwezi kapena nthawi yokolola basi. 25,000 kugawa miyezi 4 ndi 6 peresenti ndi kakang'ono pa mwezi, mukuona kuti phindu lonse likupita kwa obwereketsa aja, inu mwangokhala wantchito wawo wosalipidwa. Loni imakulitsa shopu koma siichulukitsa anthu a m'tauni. Nde funso loyamba si loti ndibwereke kuti, ndi loti pali anthu amene amabwera kudzafuna chinthu n'kubwerera chifukwa ndilibe? Ngati alipo ndipo mukuwadziwa kuchuluka kwake, bwerekani pa chinthu chimenecho. Ngati mukungofuna kuti mashelefu adzaze aoneke bwino, dikirani.

Izi si maganizo anga okha. Ngongole zing'onozing'onozi zinatchuka ndi Muhammad Yunus amene mu 1976 anabwereketsa madola 27 kwa anthu 42 m'mudzi wa Jobra ku Bangladesh, n'kudzabadwa Grameen Bank mu 1983, mpaka mu 2006 analandira mphoto ya Nobel. Dziko lonse linkaganiza kuti umphawi wapezeredwa mankhwala. Koma mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 6, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, ndipo anapeza kuti maloniwa amathandiza ndithu anthu kuyendetsa zinthu koma kwa wobwereka wamba ndalama za pakhomo sizinasinthe kwenikweni. Kafukufuku wina ku Kolkata ku India anapeza chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse, amayi amene anapatsidwa miyezi 2 yopuma asanayambe kubweza anaika ndalama zambiri mu bizinesi ndipo patapita zaka phindu lawo linali lokwera kuposa amene anayamba kubweza nthawi yomweyo, ngakhale olephera kubweza nawo anachulukirapo. Nde pokambirana musamangolimbana ndi peresenti, limbanani ndi kalendala, muyamba liti kubweza, pa sabata kapena pa mwezi, ndipo mukabweza msanga achotsa chiwongola dzanja chotsalacho kapena ayi.

Ine ndikanakhala inu ndikanazigawa pawiri. Mashini ya ovaloko ndi chinthu chokhalitsa, funsani ogulitsa mashiniwo kapena bungwe lomwelo ngati ali ndi dongosolo logula polipira pang'onopang'ono, pamenepo mashiniyo ndiye chikole chake, safuna nyumba kapena malo. Koma nsalu musatengere loni, lankhulani ndi kumene mumaoda, ngati mwakhala mukugula kwa iwo nthawi yaitali apempheni azikupatsani katundu wina muzilipira pakatha masiku 14 kapena 30. Ngongole imeneyi nthawi zambiri ilibe chiwongola dzanja ndipo anthu saiwerengera ngati mpamba chonsecho ndi mpamba. Winanso ndi wa makasitomala anu, oda ya yunifolomu kapena ya ukwati muzilandira theka musanadule nsalu. Ndipo kuyambira lero ndalama za shopu zizidutsa pa akaunti kapena pa foni, chifukwa banki ija inakukanani ikadzaona sitetimenti ya miyezi 6 kapena 12 imayamba kulankhula mosiyana.

FUNSO: Bigi, ndine mnyamata ndinamaliza sukulu ndipo ndikufuna kutsegula malo okonzera mafoni ndi kusindikiza mapepala. Pa gulu lathu la WhatsApp pakuyenda linki ya giranti ya achinyamata, akuti ndalama zosabweza koma ulipire kaye ya kulembetsa. Ndi zenizeni? Nanga magiranti enieni amapezeka bwanji kwa ife a kutali? Mnyamata wa mafoni.

YANKHO: Mphwanga, usatumize olo kobiri. Wofuna kukupatsa ndalama sangayambe n'kukupempha ndalama, ndipo akakufunsa nambala yachinsinsi ya akaunti kapena kodi imene yabwera pa foni yako ungodziwa kuti akufuna kukukolopa. Akubawa amatenga dzina ndi chizindikiro cha bungwe lenileni n'kupanga tsamba lofanana nalo, nde njira yake ndi kusiya linkiyo, kulemba wekha dzina la bungwelo pa intaneti n'kuona ngati iwo eni alengeza.

Magiranti enieni alipo koma ndi mpikisano woopsa. Odziwika kwambiri mu Africa ndi a Tony Elumelu Foundation, anayamba pulogalamu yawo mu 2015, amatenga anthu a m'maiko onse 54, amaphunzitsa kaye kenako n'kupereka madola 5,000 osabweza, kulembetsa ndi kwaulere pa intaneti kumayambiriro kwa chaka ndipo kukhala kutali ndi mzinda sikukuletsa. Ku Nigeria boma linachititsa mpikisano wa YouWiN mu 2011, analemba anthu pafupifupi 24,000 opambana n'kukhala 1,200, pa avereji aliyense kulandira ndalama zoyandikira madola 50,000, ndipo atawatsatira patapita zaka anapeza kuti mabizinesi awo anakhalitsa komanso analemba anthu ambiri ntchito kuposa anzawo amene sanapate. Nde kupatsa munthu mpamba kumagwira ntchito, palibe zokayika, koma taona nambalazo, mwa anthu 20 mmodzi yekha. Si chinthu choti ukhale pansi kudikira.

Chimene ndaona n'choti opereka magiranti sakonda maloto, amakonda chinthu chimene chayamba kale kuyenda olo chikhale chaching'ono. Iwe yamba ndi kukonza mafoni, zida zake ndi zochepa, tebulo pakhonde la shopu ya wina, uzilemba mukope foni iliyonse, vuto lake, walipiritsa zingati, wawononga zingati. Pakatha miyezi 6 uli ndi nkhani ya manambala, "ndimakonza mafoni mwakuti pa sabata, anthu mwakuti amandifunsa zosindikiza ndimawabweza chifukwa ndilibe pulinta," imeneyo imaposa puropozo ya masamba 20 yolembetsa kwa munthu. Ndipo udziwiretu kuti magiranti ambiri a mapulojekiti a boma ndi mabungwe ndi ophatikiza, iwo amaika gawo iwe uikenso lako, ena sakupatsa ndalama m'manja amalipira kwa ogulitsa zida, ena amati gula kaye tidzakubwezera ukabweretsa malisiti. Amakondanso magulu ndi makopaletivi kuposa munthu mmodzi. Zotere zimalengezedwa ku maofesi a khonsolo, a zamalonda ndi a achinyamata komanso pa wailesi, nde uzipitako kukafunsa olo akuone ngati wovuta.

Kachinthu kena kongokuuza, ku Sri Lanka akatswiri anapatsa mabizinesi ang'onoang'ono madola 100 ena 200 n'kumawatsatira, zotsatira zinatuluka mu 2008, phindu linakwera pafupifupi 5 peresenti pa mwezi pa ndalama imene anapatsidwayo. Ndi phindu labwino ngati ndalamayo ndi yako kapena yaulere. Ukaitenga kwa katapila wa 30 kapena 50 peresenti pa mwezi wawerengera wekha.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi malo owotcherera zitsulo, timapanga mafelemu, zitseko ndi mageti, anyamata 3. Ndimamva pa wailesi kuti boma limachotsera msonkho mabizinesi ndipo limalimbikitsa ochita malonda m'madera ang'onoang'ono, koma ine sindinaonepo kanthu, amangobwera a khonsolo kudzatolera. Anthu akuti ndilembetse bizinesi koma ndikuopa kuti ndikudziitanira a msonkho. Bambo wa zitsulo.

YANKHO: Bambo, mantha anuwo ndi omveka ndipo sindikunamizani kuti kulembetsa ndi kwaulere, walira mvula walira matope. Mukalembetsa muyamba kupereka malipoti a msonkho pa nthawi yake olo mwezi umene simunapange kanthu, mukachedwa pali chindapusa, laisensi nayo imafuna kukonzanso. Koma pafupifupi chilichonse chimene boma limati chilimbikitso chimadutsa pakhomo limenelo, wopanda satifiketi ndi nambala ya msonkho kwa iwo kulibe.

Choyamba mudziwe kuti zolimbikitsazi kawirikawiri si ndalama yobwera m'thumba, ndi ndalama imene simutulutsa. Zimakhala monga kuchotsa kapena kutsitsa msonkho wolowetsera mashini m'dziko, kuloledwa kuchotsa mtengo wa mashini pa phindu musanawerengere msonkho, msonkho wosavuta wa mabizinesi ang'onoang'ono umene amangowerengera pa zogulitsa, ndi tchuthi cha msonkho cha zaka zingapo. Chomalizachi n'chimene chimamveka kwambiri pa wailesi koma nthawi zambiri amachipangira makampani oika ndalama zankhaninkhani kapena otumiza katundu kunja, ndipo ganizani, kukhululukiridwa msonkho wa pa phindu kumathandiza amene ali ndi phindu lalikulu, kwa inu kusiyana kwake ndi kochepa. Cha mashini chija ndiye chingakukhudzeni, koma lamulo lake m'maiko ambiri ndi loti upemphe chilolezo katundu asanafike, ukalipira kale msonkho kuubweza ndi ntchito yaikulu. Malamulowa amasinthanso ndi bajeti ya chaka chilichonse, nde pitani nokha ku ofesi ya msonkho mukafunse zimene zilipo chaka chino pa ntchito yopanga zinthu, musadalire za pa wailesi za chaka chatha.

Palinso mathumba otsimikizira ngongole, boma kapena bungwe limauza banki kuti mukabwereketsa mabizinesi ang'onoang'ono wina akalephera ife tilipira gawo, nthawi zambiri theka. Izi zimachititsa kuti banki ifune chikole chochepa. Koma ngongole ikadali yanu yonse, musamve ngati theka lakhululukidwa, ndipo ogwira ntchito m'banki sayamba okha kukuuzani, mufunse.

Kwa munthu wa zitsulo m'tauni yaing'ono ine ndimaona kuti chilimbikitso chachikulu si msonkho, ndi msika. Wogula wamkulu m'matauni otere ndi boma lomwelo, sukulu zimafuna madesiki ndi mafelemu, chipatala mageti, khonsolo mashedi a msika. Maiko ambiri tsopano amasungira mabizinesi ang'onoang'ono gawo la ntchito ndi zogula za boma zimene anthu amapikisanirana pa tenda, chitsanzo ku Kenya kuyambira 2013 anaika kuti 30 peresenti ya zogula za boma ipite kwa achinyamata, amayi ndi anthu aulumali. Wosalembetsa salowa nawo, amangokhala wogwirira ntchito amene anapambana tenda, iye kuwotcherera wina kudya. Chenjezo langa ndi loti boma limachedwa kulipira, m'maiko ambiri zili choncho, nde musatenge loni yobweza mwezi ndi mwezi kuti mugwire oda imene malipiro ake angabwere patatha miyezi 6, mabizinesi ambiri afa ali ndi oda yaikulu m'manja. Yambani ndi zing'onozing'ono zimene mukhoza kupirira.

A khonsolo otolera aja musamangowaona ngati adani, ndi amene amagawa malo ogwirira ntchito, amadziwa pulojekiti imene ikubwera, ndipo ena amalola kulipira laisensi pang'onopang'ono. Munthu mmodzi samumva, koma amisiri 15 atapanga bungwe lawo n'kupempha malo amodzi okhala ndi magetsi amphamvu zimamveka.

FUNSO: Tili mu banki mkhonde amayi 20 koma ndalama zake ndi zochepa, ukafuna yambiri anzako amadandaula. Ena alowa magulu atatuatatu kuti azipeza yokwanira. Ine ndikuganiza zolowa SACCO, kodi pali kusiyana? Achemwali a saluni.

YANKHO: Achemwali, kusiyana kulipo. Banki mkhonde mmene tikuidziwira inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo anaipanga dala kuti ikhale yaing'ono, anthu 15 mpaka 30 odziwana, bokosi la maloko 3, kubwereka kosapitirira katatu masheya ako, chaka chikatha kugawana n'kuyambiranso. Ubwino wake chiwongola dzanja chimabwerera kwa inu nomwe, kuipa kwake n'komwe mwakuonaku, mpamba sukula chifukwa mumaugawana chaka ndi chaka, ndipo loni yake ndi ya mwezi umodzi mpaka 3, yabwino kuodera mankhwala a tsitsi osati kugulira zowumitsira tsitsi zodula.

SACCO ndi kopaletivi yolembetsedwa yosunga ndi kubwereketsa ndalama, maganizo ake ndi akale, Friedrich Raiffeisen anayambitsa yoyamba ya kumudzi ku Heddesdorf ku Germany mu 1864 pofuna kulanditsa alimi kwa akatapila. Masheya sagawidwa kutha kwa chaka nde thumba limakula, loni imatha kukhala ya chaka kapena kuposa, ndipo m'malo mwa chikole amafuna masheya anu ndi mamembala anzanu okuimirani. Nthawi zambiri amafuna musunge kaye miyezi ingapo musanabwereke. Musanalowe funsani satifiketi yawo, amene amawayang'anira, lipoti la owerengera ndalama la chaka chatha, komanso ngati msonkhano waukulu wa mamembala umachitikadi, chifukwa SACCO yoyendetsedwa ndi anthu awiri osafunsidwa imagwa ndi ndalama za anthu. Ndipo inunso mukamaimira mnzanu mudziwe kuti akathawa adula zanu.

Za magulu atatuzo auzeni anzanu asiye. Kumakhala kubwereka uku kukabweza uko, palibe ndalama ikulowa mu geni. Ku Andhra Pradesh ku India mu 2010 zinafika poipa chifukwa mabanja anali ndi maloni m'mabungwe angapo nthawi imodzi, mpaka boma la chigawocho linalowererapo ndi lamulo ndipo kubweza kunaima pafupifupi konse. Banki mkhonde yanuyo musaisiye, khalani ndi imodzi ya zamwadzidzidzi, SACCO ya zikuluzikulu.

FUNSO: Mkulu wanga ali kunja akufuna kunditumizira ndalama ndikulitse golosale, akuti "tidzaonana pa phindu." Mkazi wanga akuti tisalandire. Ndipange bwanji? Bambo wa golosale.

YANKHO: Bambo, mayi akunyumbawo aona patali koma si kuti mukane, ndalama ya pachibale ndi imene imayambitsa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri padziko lonse ndipo ilibe fomu kapena chikole. Vuto lili pa mawu oti tidzaonanawo, inu mukumva ngati ngongole, akuluwo mwina akumva kuti agula theka la shopu mpaka kalekale, ndipo alamu anu kumeneko akumvanso zawo. Aimbireni muwafunse mwaulemu kuti ndi chiyani mwa zitatu izi, mphatso, ngongole, kapena sheya. Ikakhala ngongole mugwirizane ndalama yobweza ndi masiku, komanso mubweza mu ndalama ya dziko liti, chifukwa mukalonjeza kubweza mu ndalama yakunja yanuyo n'kugwa mphamvu ngongole imakula yokha muli mtulo. Ikakhala sheya muwerengere kaye katundu, mashelefu ndi firiji zimene zilipo kale kuti gawo lawo lidziwike, mudziikire malipiro anu a pa mwezi phindu lisanagawidwe popeza wogwira ntchito ndinu, mugwirizane kuti ana awo akadzatenga katundu mu shopu azilembedwa, ndiponso mmodzi akafuna kutuluka kapena akamwalira zidzatha bwanji. Zonsezi pa pepala limodzi, kusaina nonse, mboni ziwiri, imodzi ya kuchimuna ina ya kuchikazi, aliyense asunge chithunzi chake pa foni. Akuluwo akakhumudwa ndi pepalalo n'kunena kuti simukuwakhulupirira, apempheni atumize theka lokha ngati ngongole ya miyezi 12, za sheya mudzakambe akadzabwera ku tchuthi ataona mabuku a shopu ndi maso awo.